Chiliza chanu ndi mabuleki a kalavani

Amayi, kodi kumeneko mukukhala bwanji? Ine kuno ku Dubai ndili bwino, mpongozi wanu Tamanda nayenso ali bwino. Mliri uja sunathe, tikuyendabe titatseka pakamwa ndi pamphuno, koma tonse awiri tinabayitsa katemera ndipo ntchito sinatithere. Ine ndikulonderabe nyumba zosungiramo katundu ku Jebel Ali, iye akulerabe ana a eni ake ku Al Twar. Ndanenepa, Amayi. Mukanandiona mukanayamba mwaseka, kenako n'kufunsa kuti ndikudya za ndani.

Za kumudzi mwina mukuzidziwa kale, poti inu muli pafupi kuposa ine, koma ndikuuzanibe. Mlongo wanga Esinati anachira, mwana wamkazi, ndipo amutcha dzina lanu. Ndimamuona pa foni. Watenga chipumi chanu, ndipo akafuna kulira amayamba wakwinya nkhope monga munkachitira ndikabwera kubusa mbuzi ina itasowa. Chimanga cha kudambo chachita bwino, mtedza ndiwo unapserera ndi ng'amba. Denga la khitchini likudontha. Mkamwini wanu akuti akonza, ndipo inu mukudziwa kuti "ndikonza" wa munthu ameneyu amadutsa madzinja angati.

Pamaliro anu sindinalipo, ndipo zimenezi zimandipwetekabe. Ndege zinali zitaima, ine n'kuonera mwambo wonse pa foni ya Esinati, netiweki ikudukaduka, ndili ndekha m'kachipinda ka alonda. Tsiku lomwelo ndinauza a malume a Biziwiki kuti chiliza chanu ndimanga ine, wina asaikepo dzanja, ndipo ndinayamba kusunga ndalama mwezi ndi mwezi. Tsopano anthu akolola, nyengo ya ziliza yakwana, a malume sakusiya kuimba foni. Nkhani imene ndalembera kalata ino ndi ya ndalama zimenezo, koma mundilole ndiyambire patali, monga munkayambira inu mukafuna kupempha mchere kwa anansi.

Ndili ndi galimoto, Amayi. Musadumphe, si ya mabwana ayi. Ndi chigalimoto chakale chokhala ndi nyumba mkati, chimene kuno timati kalavani: muli bedi, kachitofu, kabati ya mbale ndi zenera lotsegula. Mwini wake anali mzungu wina wa kuntchito kwathu. Ntchito itamuthera chifukwa cha mliri anafuna kubwerera kwawo msanga, wogula anasowa, ndiye anandisiyira pa mtengo woti kwathu sungagulire ngakhale njinga yamoto. Abwana anandilola kuti ndiziimika kuseri kwa mpanda wa kampani.

Mwina mukufunsa kuti mlonda akufuna chiyani ndi nyumba yoyenda. Tamanda amagona kwa mabwana ake. Ine ndimagona m'nyumba za kampani, amuna okhaokha, mkazi saloledwa kupondako. Chikwatirane, banja lathu linali la pa benchi. Lachisanu akapatsidwa mpata tinkakumana ku Al Rigga, n'kukhala pa benchi ya m'lesitilanti tiyi mpaka kuzizira, woperekera zakudya akutiyang'ana kuti tichoke. Mliri utavuta, madamu ake anamuletsa kutuluka kwa miyezi yambiri, ndipo mkazi wanga ndinkamuona pa foni ngati ali ku Ntcheu, pamene ali tawuni yomweyi.

Tsopano Lachisanu ndimakamutenga, n'kupita kunja kwa tawuni kumene kuli mchenga wokhawokha. Wapachika chitenje pazenera. Amaphika mpunga, ine n'kumatsuka mbale, timakangana za mchere ngati banja lenileni. Ndipo mpongozi wanu, Amayi, tikangoima amatulutsa tsache n'kuyamba kusesa pakhomo. M'chipululu! Ndikamuseka amati pakhomo posasesa si pakhomo, ndipo amasesadi mpaka mizere ya tsache ioneke. Iyi ndi nyumba yoyamba imene takhalamo awiriwiri.

Koma munkanena nokha kuti walira mvula walira matope. Mabuleki anayamba kulira. Ndikaponda pang'ono, tswii, tswii, mpaka anthu a m'magalimoto onyezimira kutembenuka, Tamanda n'kubisa nkhope m'manja. Ndinauza mnzanga Sakala, mlonda wa ku Chipata amene timagona chipinda chimodzi. Iyenso anakulira pa ngolo ngati ine, ndipo tonse tikudziwa mankhwala a gudumu lolira. "Ni vimanyazi chabe ivi, habibi," anatero m'Chinyanja chake chosakaniza ndi Chiarabu cha kuno, "tithirepo oyilo, khalas, nkhani yatha." Tinagula kachitini ka oyilo wopopera, tinapopera kuseri kwa mateyala onse mosaumira, kulira kuja kunatheratu. Tinagwirana chanza ngati mainjiniya. Palibe mwa ife amene anakumbukira kuti ngolo ilibe mabuleki.

Lachisanu lotsatira tinanyamuka mwakachetechete, ine ndikudzitama. Titafika pamene timakhotera kusiya tala, ndinaponda buleki, chigalimoto chinangopitirira. Ndinapondanso ndi mphamvu zonse, chikupitabe. Mwayi wake msewu unali wopanda anthu ndipo ndinali pang'onopang'ono, ndiye tinakatitimira mumchenga. Kabati inatseguka, mbale ndi mapoto zonse pansi, Tamanda anagunda chipumi n'kutupa. Sanalire, sanandikalipire. Anangoti, "Bambo, bola muja ankalira." Ine ndinaona kuti pakanakhala lole kutsogolo kwathu bwenzi a malume akukamba za ziliza zitatu.

Anatikoka ndi galimoto ina mpaka ku galaja ya ku Al Qusais. Makaniko wake, bambo wa ku Pakistan wa ndevu zofiira, atagwira kuseri kwa teyala n'kununkhiza chala chake anaitana anzake onse kuti adzaone. Anaseka mpaka masiki a pakamwa kugwa. Kenako anandionetsa bwinobwino: mapadi, tizidutswa timene timafinya chitsulo kuti gudumu liime, anali atatha kale, ndipo kulira kuja kunali kundichenjeza. Tsopano anamwa oyilo, osachapika. Zitsulo zozungulira zimene mapadiwo amagwira nazonso zinali zitadyeka. Anati ndingathe kuika mapadi otchipa okha n'kumapemphera, kapena kusintha zonse. Mtengo wa zonsezo atautchula ndinakhala pansi pa teyala lakutha. Unali pafupifupi ndalama zonse za chiliza chanu.

Ndinayesa kuwerengera uku ndi uku. Zotchipa zija ndinazikana ndekha, poti ndinali nditaona kale chipumi cha mwana wa eni chitatupa. Kuisiya kalavaniyo itaima kuseri kwa mpanda, dzuwa la kuno likanaimaliza. Kukongola kwa anzanga, aliyense ali ndi kwawo kumene akumulirira. Zinatsala ziwiri: chiliza chaka chino, kapena mabuleki.

Tamanda ndiye anandidula maganizo. Tinakhala mkati mwa kalavani momwemo, m'galaja, iye akutolera mbale zosasweka. Anati, "Igulitseni kwa a zitsulo, muphatikize ndi zimene mwasunga, amayi agone pabwino. Ife benchi tinaizolowera." Ananena akumwetulira, koma anali atayamba kale kumasula chitenje chija pazenera, ndipo ankachipinda pang'onopang'ono kwambiri.

Pamenepo ndinakumbukira inu ndi abambo. Iwo ku Joni, inu kumudzi, banja la makalata ndi mabulangete obwera pa Khirisimasi, mpaka makalata anasiya kubwera. Simunawanyozepo pamaso pathu. Koma tsiku la chinkhoswe changa munandikokera kuseri kwa nkhokwe n'kundiuza kuti, "Lameki, banja ndi kumva mnzako akutsokomola. Ukapita naye kutaliko, usakamusunge pa foni." Ine ndinaseka tsiku lija, ndinkayesa nkhani za achikulire.

Ndiye ndakonzetsa mabuleki, Amayi. Ndasintha zonse, ndi ndalama zanu. Ndinauza Tamanda kuti abwezere chitenje pamalo pake, iye anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako analira kulira kumene sanalire pa ngozi paja. Sakala, pochita manyazi, anadzipereka kutsuka galimoto yonse, koma ndamuletsa kuyandikira mateyala ali ndi chilichonse m'manja.

A malume ndinawauza zoona, sindinabise. Anati anthu a kunja mumasintha. Mawu amenewo anandilasa, ndipo sindikuwaimba mlandu, chifukwa iwo ndi amene amadutsa pamanda anu n'kumaona mulu wa dothi pamene anzanu onse ali ndi simenti. Esinati yekha ndiye anaseka nkhani ya oyilo mpaka mwana kudzuka, n'kunena kuti apita akalambule pamandapo ndi kudzalapo maluwa kuti padikire bwino.

Sindikudziwa ngati ndachita bwino pamaso pa mudzi. Chimene ndikudziwa n'chakuti Lachisanu lapitali tinapitanso kumchenga kuja, ndinaponda buleki pokhota paja, chigalimoto chinaima pomwepo. Tinadya, tinagona tulo ta masana zenera lili lotsegula, ndipo nditadzuka ndinamva mpongozi wanu akutsokomola panja ndi fumbi la tsache lake. Mtima wanga unakhala m'malo.

Chiliza ndimanga, Amayi, ndayambanso kusunga. Ndipo mwina kuchedwaku kwatikomera, chifukwa chaka chino ndikanangotumiza ndalama pa foni n'kuoneranso mwambo pa foni. Chaka chamawa, Mulungu akalola, ndibwera ndekha ndi Tamanda, thumba la simenti ndidzasenza pamutu panga kuchokera kumsewu mpaka pamene mwagonapo. Ngati mwakwiya, mudzandikalipire ndikadzakutsatirani kumeneko. Koma musandiyembekezere msanga, mabuleki tsopano akugwira.

Ndine mwana wanu wokukondani, amene adzabwera ndithu,

Lameki