Dzanja la Amayi Pakhoma la Tchalitchi

Insaca, 14 Ogasiti

Okondedwa achemwali a Yunike,

Muli bwanji ku Cuambako, pamodzi ndi alamu ndi ana? Ine ndili bwino, ndanenepa moti njinga imalira ndikaikwera. Mkazi wanga Luisa nayenso ali bwino, pakamwa pokha ndiye sipachira.

Koma mtima ukuwira. Tchalitchi chathu mukuchidziwa: njerwa zofiira, mawindo obulungira pamwamba, belu lake chidutswa cha njanji chochokera ku Entre Lagos. Nkhondo inatentha denga, zipolopolo zinaboola khoma, icho chili chiimire. Lero Armindo, uja ankayenda ndi mamina kumsasa wa othawa ku Malawi, ndiye wapampando wa komiti. Akuti njerwa zoonekera ndi umphawi. Akuti tichipake simenti ndi penti wabuluu, chikhale ngati sitolo ya mafoni.

Ndinamufunsa ngati waiwala kuti oumba njerwa aja aliyense ankadinda dzanja lake panjerwa yaiwisi. Pobwerera kuchokera ku Malawi, anthu sankalira atagwira manja a akufa awo pakhomapo? Iye anati Mulungu sawerenga zala.

Tsopano khalani pansi, achemwali. Atanena kuti aitana mmisiri wa kutali, ndinapsa mtima kuposa poyamba. Mmisiri wina, ine ndili moyo, ine amene ndinamanga theka la Insaca? Ndinatenga zida zanga, khoma lonse lakummawa ndinalipaka simenti tsiku limodzi, uku ndikuimba. Nditafika kunyumba Luisa anandifunsa ngati ndasiya poyera dzanja la amayi, lija la chala chachifupi.

Ndalikwirira ndine.

Ndagoba kale malo atatu, osalipeza. Pena ndinatulukira dzanja lalikulu ngati khasu, pambali pake dzina m'zilembo za Chiarabu. Anabwera Masudi, msodzi wa ku Amaramba, nati ndi la agogo ake, Msilamu amene anathandiza kuponda dothi. Wati akalikwiriranso abwera ndi mzikiti wonse.

Armindo wandiuza pamaso pa anthu kuti ndasandutsa nyumba ya Mulungu chisa cha gogomole. Wandilola bowo limodzi lokha, ndipo Lolemba penti akupaka. Mwana wa dzulo kundiwerengera mabowo pakhoma limene anaumba amayi anga.

Inuyo muli mwana, amayi ankakunyamulani kuti muike kadzanja kanu m'dzanja lawo lapakhomalo. Ine nthawi imeneyo ndinkathamangitsa abuluzi kuseri. Kwerani shapa, minibasi ya Loweruka ija, mudzaime pakhomapo, mudzaloze. Mukafuna kunditukwana mudzayambire pamsika, ndidzakunyamulirani chikwama. Nyundo ndili nayo, koma bowo lomalizali sindigoba popanda chala chanu.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana onse. Ambuye akusungeni, akufikitseni kuno ndi maso akuthwa.

Ndine mlongo wanu,
Benedito, mmisiri wamkulu wa Niassa yense, kupatula khoma lakummawa