Mpando wa Waffles

Lolemba, 14 Julaye

Mawa tinyamuka. Ine, mwamuna wanga Curtis ndi agalu athu awiri, kuchoka kuno ku Pocatello mpaka kunyanja ku Oregon, pa galimoto yogonamo imene Curtis anagula kwa mnzake wa kuntchito osandifunsa.

Adokotala a ziweto amuonanso Waffles, galu wamkuluyo, lero. Zaka khumi ndi ziwiri, mtima wakula mopitirira. Akuti ulendo apite ndithu, bola asatenthedwe, kutentha ndiko kungam'tenge. Ndinafunsa kuti kutenthedwako kumayambira pa madigiri angati. Anandiyang'ana kaye. "Marcy, kuno si ku famase kuja mumagulitsa mankhwala. Akayamba wefuwefu lilime lili panja, mupezereni pozizira msanga." Yankho lopanda nambala. Ndagula zoyezera kutentha zitatu.

Pickle, wamng'onoyo, alibe vuto lililonse kupatula khalidwe.

Madzulo tinayeserera zochita galimoto ikafa panjira: mahazadi, agalu pa zingwe chitseko chisanatsegulidwe, kutulukira mbali yopanda magalimoto, zikwangwani zofiira kumbuyo. Mphindi zinayi. C. akuti aneba ankasuzumira pawindo. Asuzumire.

Lachiwiri, 15 Julaye

Mailosi 160 basi. Tikuima maola awiri alionse, madzi ndi kukodza. C. akuti pa liwiro limeneli tikaipeza nyanja itaphwa.

Pickle watafuna lamba wake wom'mangira pampando. Ndinali ndi wina. Watafunanso. Ndinali ndi wachitatu. C: "Kodi unatenga angati?" Sindinamuuze.

W. wadya bwino, mapiritsi onse awiri ndinabisa m'chiponde. Wagona tsiku lonse pansi pa choziziritsira mpweya, miyendo m'mwamba ngati galimoto anagula ndi iye.

Lachitatu, 16 Julaye

Kaphokoso mu injini. Kwii, kwii. C. akuti sakumva kanthu, ndipo wakweza wailesi.

Lachinayi, 17 Julaye

Ndikulemba ndili m'chipinda cha alendo ku Burns. 

Cha m'ma 11 koloko, titangodutsa Juntura, kwii uja anasanduka phwaa! Nthunzi kutsogolo, choziziritsira zii. Fanibeluti yaduka, injini yawira. Jenereta, imene C. analumbira kuti anaiyesa, inangotsokomola kawiri n'kugona. Chipululu mbali zonse, mtengo ngakhale umodzi ayi. Zoyeserera zija zinayenda bwinobwino (mphindi zitatu ndi theka!), kungoti panalibe wondiombera m'manja.

Panja madigiri 101 (thupi la munthu limakhala 98). M'kati, patangotha theka la ola, 112. Choyezera chachitatu chinkati 114 koma sindichikhulupirira. W. tinam'goneka mu kamthunzi ka galimoto, ine n'kumamunyowetsa pamimba ndi m'mapazi. Wefuwefu. Lilime panja, lalitali ngati tayi.

Bulekidauni inafika patatha ola ndi theka. Oyendetsa ndi bambo Vern, a ndevu zoyera, osafulumira pa chilichonse. Atamangirira galimoto yathu anati, uku akupukuta manja, "Inu awiri kutsogolo ndi ine. Agalu atsale m'galimoto mwanumo, ndi mmene timachitira. Kampani siilola galu kutsogolo."

Mapepala a inshuwalansi imene inatumiza bulekidauniyi ndinawerenga masamba onse 23, kawiri. Za agalu munalibe. Ndipo sindinafunse. Ine! Sindinafunse.

"Ku Burns ndi kutali bwanji?"

"Ndi katundu uyu, ola ndi theka."

"M'menemo muli madigiri 112, bambo. Galuyu ali ndi vuto la mtima. Akafika atafa."

"Lamulo si langa, mayi."

Ine chibadwire sindinaswepo lamulo. Ndimaima pa chikwangwani ngakhale msewu uli mbee. Koma ndinangomva pakamwa panga pakunena, "Ndiye kokani galimotoyo muzipita. Ine ndikhala pompano ndi galu wanga." Ndinakhaladi pansi, pa miyala. Yotentha ngati chiwaya. Ndinalephera kudzuka chifukwa cha manyazi.

A Vern anamuyang'ana W. nthawi yaitali. W. anagwedeza mchira kamodzi, pang'ono chabe.

"Dzina lake ndani?"

"Waffles."

"Mayo ine." Anavula chipewa, kukanda m'mutu. "Kutsogoloko malo alipo a anthu awiri basi. Kagaluko mukhoza kukafukata. Koma chigalu ichi ndi munthu wathunthu. Chikakwera, mmodzi wa inu atsala. M'galimoto yokokedwa munthu sakwera, limenelo ndiye sindiswa."

"Atsala Curtis," ndinatero.

Sindinaganize n'komwe. Sindinamuyang'ane n'komwe.

C: "Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi tili pabanja, Marcy. Ukananamizirako kuganiza. Ukanatsokomolako kaye!"

A Vern: "Musadandaule achimwene, akazi anga a Glenda adzakutengani akamaliza kukonza tsitsi la makasitomala awo. Maola awiri. Kapena atatu, lero kuli mayi wina wovuta."

C. tinam'siyira mpando wopinda, ambulera, madzi magaloni awiri ndi chipewa changa chamaluwa, poti chake anaiwala kunyumba ngakhale ndinam'kumbutsa katatu. Ndinam'patsanso choyezera chimodzi. Akuti, "Ndiye ine wefuwefu ndiyambe pa madigiri angati?"

W. tinachita kum'nyamula anthu atatu kuti akwere. A Vern anatembenuzira mphepo yozizira yonse kwa iye. Pa galasi la m'mbali ndinkamuona C. akucheperachepera pansi pa ambulera, dzanja lili m'mwamba. Sindikudziwa ngati ankatitsanzika kapena ankatukwana.

Patatha mphindi makumi awiri lilime linabwerera m'kamwa. W. anatsamiritsa mutu pa ntchafu ya a Vern n'kuwanyowetsa buluku lonse ndi dovu. Iwo maso pamsewu. "Ine lero sindinaone galu aliyense. Mwamva, mayi?" Ndamva.

Adokotala a ziweto a kuno amupima: watopa, wamwa madzi, mtima ukugunda mmene umagundira. Ndinalira pang'ono mu ofesi mwawo. Pickle anakodzera sikelo.

Nthawi ili 4:40. C. sanafikebe. Ndamuimbira kasanu, kenako ndamva chikwama changa chikulira. Foni yake ndili nayo ndine.

Njoka. Sindinaganize za njoka.

Lachisanu, 18 Julaye

C. anafika cha m'ma 6 koloko dzulo pa galimoto ya a Glenda, chipewa chamaluwa chili kumutu, miyendo psuu kuyambira m'mawondo kutsika (ambulera sinafike kumeneko). Anadikira pafupifupi maola anayi. A Glenda akuti anam'peza akucheza ndi ng'ombe. Kwa ine C. analankhula mawu atatu okha: "Bafa lili kuti?"

Amakaniko akuti fanibeluti ifika Lolemba, ndipo injini ayione kaye. Nyanja idikire.

Ndinakonza mawu opepesa, ndime zitatu, papepala la pano pogona alendo. M'mawa uno pobwera kowongola miyendo ndi Pickle ndam'peza C. atagwada pansi ndi miyendo yake yopsayo, akumunyambititsa W. chiponde pa chala, piritsi lili m'kati.

"Curtis, za dzulo zija..."

Sanatembenuke. "Ukanati atsale galu, bwenzi banja litathera pomwepo." Anapukuta chala pa kabudula. "Komabe ukanatsokomolako."

Ndatsokomola. Akuti ndachedwa.