Vani Yanga Pamkeka wa Maliro

Samanga, Honde Valley
14 Ogasiti 2024

Okondedwa achimwene Ezekieli,

Ndikhulupirira muli bwino kumeneko ku Chipinge pamodzi ndi alamu ndi ana. Mwendo uja ukuvutabe mukamakwera m'minda ya tiyi? Kuno ana ali bwino. Ine thupi lili bwino, koma mutu sukugwira.

Mukukumbukira vani yoyera ija ndinkatengera nthochi ku Mutare? Inali ya lendi, ya kampani ina ya m'tauni, pamgwirizano wa zaka zitatu. Mwezi watha nthawi inakwana, anatifunsa ngati tibweza kapena tigula. Ndinagula, achimwene. Tsiku limenelo ndinavina pa Hauna ngati mwana, azimayi a pamsika akuimba nthungululu.

Apa ndiye ndiulule. Mukudziwa kuti ine chitupa ndilibe, poti amayi anandiberekera pakomboni osandilembetsa. Nthawi ija munandiuza kuti tilembe vaniyo m'dzina lanu, ndinakunamizani kuti akampani avomera dzina langa. Bodza. Ndinkaopa kuti tsiku lina mudzati ndi yanu. Ndinalemba m'dzina la Simbarashe, dalaivala wanga uja wa kutchalitchi kwathu. Buku la galimoto linatulukanso m'dzina lake. Tinapangana kuti tidzasintha chitupa changa chikadzatuluka.

Patangotha milungu iwiri, Simbarashe anagwa akutsitsa katundu, osadzukanso. Munthu wopanda chinyengo ngakhale pang'ono. Ndinamulira ngati m'bale wanga.

Titaika maliro, abale ake anayala mkeka kuti agawane katundu wa malemu, monga achitira anzathu kuno. Ine ndinakhala kumbali ya azimayi, manja akununkha utsi. Anaika majekete, nsapato, wailesi. Kenako ndinangoona mkulu wawo akutulutsa buku la vani yanga m'chikwama, n'kuliika pamwamba pa nsapato!

Achimwene, ndinauma. Ndisanapeze mawu, anali atapereka kale kwa Malvin, mng'ono wa malemu, anthu n'kuwomba m'manja.

Nditaimirira kunena kuti galimotoyo ndi yanga, mkuluyo anandiyankha mwaulemu ndithu. Anati pepala likunena dzina la mwana wawo, ndipo ngati ndili ndi mawu ndibwere ndi mwamuna wa kwathu, chifukwa nkhani ya banja lawo sakambirana ndi mayi wobwera yekha. Sipiwe, mkazi wa malemu, amadziwa zonse. Anangoweramitsa mutu. Sindimuda, iye ndi mtengwa pamudzi paja, sangatsutse azilamu ake maliro ali chonchi.

Dzana Sipiwe anabwera kwathu mobisa. Akuti munthu wamkulu akamufunsa pamaso pa onse, anena zoona. Koma abalewo akubalalika Lamlungu likudzali, ndipo Malvin akunena zopita nayo vaniyo ku Harare.

Nthochi nazo sizidziwa maliro, zinayamba kupsera m'munda. Dzulo Malvin anaima pakhomo panga ndi vani yanga ija n'kuliza hutala. Anandifunsa ngati ndikufuna hayala yopita ku Mutare, ati andichitira mtengo wabwino poti ndinali mnzake wa malemu. Ndinamuyang'ana, ndinayang'ana nthochi zanga. Ndinakwera, achimwene. Kutsogolo kunali mkazi wa Malvin, ine ndinakhala kumbuyo pamakireti, ndipo titafika ndinamulipira.

Ndinakukanani inu, mwana wa mayi anga, lero ndikugwada kwa inu nomwe. Bwerani Loweruka, chonde. Mukafuna kundikalipira mudzandikalipire pakhomo pano, ndidzamva zonse. Koma kwa abale a malemu mukangonena kuti uyu ndi mlongo wanga, ali ndi kwawo.

Mundiperekere moni kwa alamu, kwa ana, Providence ndi Ebenezer. Mulungu akusungeni ndipo akuyendetseni bwino panjira.

Ndine mlongo wanu,
Tabita