Mlendo m'chipinda cha Bizeki

Amake Bizeki,

Musakuwe mukalowa m'nyumba. Chimene chagona m'chipinda cha Bizeki si fisi, ndi mwana wa galu. Ndamutola m'mawa uno m'kalavati pamsewu wa ku Mtakataka, waya atamucheka pakhosi. Ndi mwana ndithu, koma mapazi ake ngati a thole. Akuti bambo wake ndi mmodzi mwa agalu akuluakulu a alonda aja, mayi wake ndi wakumudzi konkuno.

Ndathamangira ku Golomoti kukaitana alangizi a ziweto kuti adzaone balalo ndi kumubaya katemera wa chiwewe. Mumupatse madzi, koma musamumange chingwe. Pepani, watafuna patapata wanu mmodzi. Winayo ndamuponya padenga kuti asamutafunenso.

Ndikudziwa munena kuti galu salowa m'nyumba. Inetu ndinamusiya pakhonde, iye n'kulowa yekha kukagona pa jekete lija anasiya Bizeki popita ku Joni. Ndalephera kumuchotsa. Ndinangoima pakhomo n'kumamvetsera akupuma. Chichokereni mwana wathu, m'chipinda muja simunamvekepo mpweya.

Mumaphikabe chakudya cha anthu atatu, ndimaona ngakhale sindinena. Lero mbale yachitatuyo musaivundikire.

Ndine wanu,
Tobias