Ndinamukweza Ndekha M'galimoto ya Polisi

Okondedwa amake ana,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wanu kumeneko. Msana uja unasiya kuwawa? Nanga agogo mukuwasamalirawo akuvutabe pomwa mankhwala? Kuno tikudzuka ndithu. Wamng'ono akupita kusukulu bwinobwino, ndipo dzino linkamuliza lija linachoka.

Mwina mwadabwa kuti ndalemba kalata chonsecho timayankhulana pafoni. Ndayesa kangapo kuti ndikuuzeni, koma ndikangomva mukuseka, ndimangosintha nkhani. Pezani pokhala muwerenge modekha. Nkhani ndi ya mtsikana wathu wamkulu, yemwe mumamutchula kuti Adokotala.

Sabata yatha ahedi a kusukulu kwawo anabwera kusiteshoni kudzadandaula kuti ana akumagona m'kalasi ngati odwala. Anati ena akumathira mankhwala a chifuwa m'zakumwa, ena akumameza timapilisi, ndipo aphunzitsi atopa nazo. Abwana anasankha anthu oti apite, ine ndinali m'gulumo. Tili m'galimoto ndinkaseka ndi anzanga, n'kumanena kuti makolo a masiku ano sayang'anira ana awo. Ndinanenadi zimenezo ndi pakamwa pangapa.

Tinafika nthawi yopuma. Mlonda anatilozera kuseri kwa zimbudzi, kumene anaunjikako madesiki othyoka. Ana ena atationa analumpha mpanda, koma otsalawo analibe n'komwe mphamvu zoimirira. Mabotolo anali mbwee pansi. Ndinayamba kuwadzutsa mmodzimmodzi, ndipo nditafika pa mtsikana wina yemwe anatsamira khoma, ndinaona juzi ija munatumiza.

Amake ana, maso ake anali psuu, malovu akutsikira pakolala. Anandiyang'ana kwa nthawi yaitali, kenako anandipepesa ponditchula kuti bwana, n'kundipempha kuti ndisakauze bambo ake. Mwana wathu sanandizindikire. Anangoona yunifomu basi.

Abwana, omwe tinabwera nawo, anandikokera pambali n'kundinong'oneza kuti ndimutulutsire kugeti lakumbuyo, palibe amene adzayankhule. Sindikunamizani, mtima unafuna. Ndinali nditamugwira kale mkono. Koma mnzake wina atakhala pansi pomwepo anaseka chiseko chowawa, n'kuuza anzake kuti aonetsetse, mwana wa apolisi sakwera, akwera ndi iwo amene makolo awo alibe yunifomu.

Ndinamunyamula ndekha n'kumukweza m'galimoto pamodzi ndi anzakewo. Sukulu yonse inali m'mawindo, ena akujambula ndi mafoni. Njira yonse mutu wake unkagunda phewa langa, ine osatha kumuyang'ana.

Kusiteshoni sanawaike m'selo ayi. Mayi wapolisi woona za ana anawakhazika mu ofesi mwake, anawapatsa madzi n'kuitanitsa makolo. Anabwera ena akulira, ena akuwomba ana awo makofi anthu akuona. Ine ndinasowa poima, kaya mkati mwa kauntala kaya kunja. Ndinavula chipewa n'kukaima pamzere wa makolo.

Mlandu sunapite kukhothi. Anagwirizana kuti anawo azipita kuchipatala kukalandira uphungu. Koma sukulu yawachotsa onse, ndipo mayeso omwe mwana wathu ankawakonzekera aja salemba chaka chino. Ndinakagwada mu ofesi ya ahedi, iwo anangoti lamulo ndi lamulo, ndipo ine ndiyenera kulidziwa kuposa iwo.

Chomwe chikundidya ndi ichi. Wogulitsa zinthuzo ndi bambo uja wa kaokala kapageti la sukulu, komwe ana amagulako maswiti ndi zolembera. Titapita kukamutenga tinapeza atatseka, katundu atasamutsa. Wina anamutsina khutu tisananyamuke, ndipo amene ankadziwa za ulendowu ndi ife tokha apolisi. Tagwira ana, wamkulu wapita. Panopa ndikakhala pa tiyi ndi anzanga ndimangowayang'ana kumaso.

Kunyumba kuno zinthu sizili bwino. Mwanayo akumanjenjemera, thukuta lili kamukamu, akangodya akusanza. Anamwino akuti thupi likufuna zomwe linazolowera, zidzatha pang'onopang'ono. Kwa mayi wapolisi uja anaulula kuti anayamba chaka chatha, poyamba kungolawa, kenako chifukwa akamwa mutu umakhala zii, osaganiza kanthu. Chaka chonse, ine ndikumufunsa za magiredi okha.

Ndi ine sakuyankhula. Dzulo ndikumupatsa madzi anangondifunsa funso limodzi, kuti tsiku lija ndinamukweza ngati bambo ake kapena ngati wapolisi. Ndinangoika madziwo pafupi naye. Iye anatembenukira kukhoma.

Musadziimbe mlandu kuti munachoka. Munapita chifukwa cha ife, ndipo tinagwirizana tonse. Koma ndikukupemphani, kambiranani ndi mabwana anu mubwere, ngakhale kwa kanthawi kochepa. Ntchito yogwira anthu ndimaidziwa, koma mwana wodwala chonchi sindikudziwa pomugwira. Akufunika mayi ake.

Mukaimba foni musamukalipire, komanso musalire iye akumva. Ingomuuzani kuti mukubwera, ngati mukubweradi.

Mundiperekere moni kwa mlamu ndi ana ake. Wamng'ono akuti wakusowani kwambiri. Zonsezi sakuzidziwa, akungoti achemwali ake akudwala malungo. Mulungu akusungeni ndipo akutsegulireni njira.

Ndine mwamuna wanu,
Bambo a ana