Zikomo wa anthu akunja

Loweruka madzulo.

Lero mtima wandiwawa, ngakhale palibe amene wandilakwira poyera. Tinapita ku Luchenza ndi amuna anga, bambo a Tadala, kukagula sopo ndi shuga m'sitolo. Pakauntala panali mtsikana watsopano, wolankhula ngati wa ku Lilongwe, zikhadabo zopaka zofiira. Anangotiikira katundu m'jumbo basi. Koma amuna anga analandira ndi manja awiri, mano onse panja: "Zikomo kwambiri achemwali, mwatithandiza." Iyenso, "Zikomo ndinu bambo, mubwerenso."

Ine ndinaima kumbuyo, ndikubisa m'chitenje zala zanga zothimbirira ndi tiyi.

Pobwerera ndinalephera kupirira. Ndinati, "Zaka zonsezi ndikuthyola tiyi, kukuchapirani, kukuphikirani. Zikomo wangayo munamusunga kuti?"

Anaseka. "Aaa, amayi a Tadala, nanga inu ndinu mlendo? Zikomo ndi wa anthu akunja."

Titafika kunyumba ndinawaikira madzi osamba monga mwa masiku onse, n'kuima kaye pakhomo la bafa kudikira. Anangoti, "Thaulo lili kuti?"

Mtsikanayo sindikumuda ayi, sanalakwe kanthu. Kungoti mawu amene iye wawapeza ndi jumbo limodzi, ine...