Foni ya Amayi Inalibe Vuto

Loweruka, pa 23 Novembala

Okondedwa achimwene,

Ndikukulemberani papepala chifukwa mauthenga anga khumi ndi umodzi akungoonetsa kuti anafika, koma palibe amene anawatsegula. Mwina kalata, poti imabwera ndi munthu mpaka pakhomo, alamu aitsegula n'kukuwerengerani. Ndikhulupirira muli bwino kumeneko, inu, alamu ndi mwana. Kuno zinthu sizili bwino kwenikweni, koma ndifotokoza mwadongosolo kuti musadzanene kuti mlongo wanu anangobwebweta ndi mkwiyo.

Apu yathu ija, yokumbutsa odwala shuga nthawi yobaya jakisoni ndi kusunga manambala a magazi awo, inayamba kuvuta kumayambiriro kwa mwezi uno. Ndikuti yathu, ngakhale kuchipatala amaitchulabe kuti ndi yanu, ngati kuti ine miyezi yonse ija ndinkangokuphikirani tiyi. Mafoni atsopano amene anamwino analandira akuikana, akuti inapangidwira mafoni akale. Mafoni a odwala ena anadzisintha okha m'kati, belu lokumbutsa n'kusiya kulira. Asisita aakulu, mkulu wa anamwino, anandiitana Lolemba m'mawa, ndipo sanandipatse ndi mpando womwe.

"Achemwali," anatero, "dzulo kwabwera bambo wina shuga ali kumwamba, akuti foni sinamuuze kanthu. Alongo anu akanakhalapo bwenzi zitatheka kale."

Ndinalonjeza kuti pofika Lachisanu ndikhala nditakonza.

Ndinatsegula laputopu yanu yakale ija, yothothoka batani. Pulogalamu yomangira apu itangodzuka inandiuza kuti zida zake zatha ntchito, ndivomereze zatsopano. Ndinavomera. Achimwene, chimene chinatsatira sindingachifunire munthu aliyense. Zinatsika bwinobwino mpaka pa 93 peresenti, intaneti n'kuduka, zonse n'kuyambiranso pa ziro. Ulendo wachitatu zinafika kumapeto, kenako kompyuta inati malo atha. Ndinafufuta mafilimu anu onse ndi nyimbo zanu zonse, ndipo sindikupepesa. Malo atapezeka, chida chomangira chinati sichingagwire ntchito ndi chinenero chakale cha kompyuta chimene tinalembera apuyo. Nditaika chinenero chatsopano, kachigawo koimba belu kanati iko sikadziwana ndi chinenero chatsopanocho. Ukakonza ichi, icho chikulira. Sikirini yonse inali zilembo zofiira zokhazokha, mizere mazana awiri, ndipo mzere uliwonse ukuloza mnzake.

Lachitatu lonse ndinalithera pa masamba a intaneti pomwe anthu a ntchito yathuyi amafunsirana nzeru. Ndinapeza munthu mmodzi yekha amene anakumana ndi vuto lofanana ndendende ndi langa, zaka zinayi zapitazo. Pansi pa funso lake analemba yekha kuti, "Basi ndathana nalo, zikomo nonse." Sananene kuti anathana nalo bwanji. Munthu ameneyo ndikadzakumana naye sindidzamupatsa moni.

Koma amene anandipsetsa mtima koposa ndinu. Nditafufuza mzere ndi mzere, ndinapeza kuti kachigawo ka belu kaja munakasintha ndi manja anu, osauza munthu, osalemba paliponse. Pamwamba pake munangosiya mawu akuti, "Apa osakhudza, zikugwira ntchito." Ndi malangizo amenewo, achimwene? Munthu wophunzira ngati inu? Ndinakalembanso konse kuyambira pachiyambi. Nditafuna kuyesa, foni yoyerekezera ya m'kompyuta inangoonetsa mdima. Ndinalumikiza foni yeniyeni, kompyuta n'kumati siikuona chilichonse. Maola awiri ndinalimbana nazo, ndikuzimitsa, ndikuyatsa, ndisanazindikire kuti chingwe chimene munasiya m'chikwama n'chotchajira chabe.

Lachisanu masana zilembo zofiira zinatha. Apu inamangika. Ndinaimirira n'kuzungulira tebulo ndekha ngati wamisala. Kenako pulogalamu inandifunsa kiyi wodindira apu.

Inu mukudziwa kuposa ine kuti foni silola apu yatsopano kukhala pamwamba pa yakale ngati zonse ziwiri sizinadindidwe ndi kiyi mmodzi. Mukudziwanso kuti manambala a odwala amakhala m'foni mwawo mokha, chifukwa ndinu amene munaumirira kuti zinsinsi za odwala zisamayende pa intaneti. Kuchotsa apu yakale n'kufufuta zonse. Ndinasaka kiyiyo m'laputopu monse, m'mafulashi atatu a m'dilowa, mpaka m'thumba la jekete limene munasiya. Ndinakuimbirani kasanu tsiku limenelo. Kachisanu anayankha alamu, mwaulemu ndithu, kuti muli pamsonkhano, muimba mukatuluka. Msonkhano umenewo sunathebe mpaka lero?

Loweruka ndinapanga kiyi watsopano. Ndinaganiza kuti ndizikopera kaye manambala a wodwala aliyense, kuchotsa apu yakale, kuika yatsopano, n'kubwezeramo manambalawo. Ntchito yotopetsa, koma yotheka. Ndinangofuna foni imodzi yoyeserapo.

Apa ndi pomwe dzanja likulemera kulemba. Lamlungu masana ndinapita kwa amayi monga ndimachitira. Ndinawapeza pakhonde akuthirira maluwa awo a m'zitini, foni ili m'thumba la diresi. Nditaipempha anaigwira ndi manja awiri.

"Yangayi ilibe vuto, uisiye," anatero.

"Ndingoikonza pang'ono, amayi. Mphindi zisanu zokha."

"Chosawonongeka amakonza?"

Ndinaseka, n'kuwalanda mwanthabwala. Ananena zoona, foni yawo njakale ndipo apu inkayenda bwinobwino. Ndinaitenga chifukwa inali pafupi, komanso chifukwa amayi sangakandinenere kwa asisita. Ndinakopera manambala awo a chaka chonse, ndinachotsa apu yanu, ndinaika yanga. Manambala onse anabwerera, osasowa ngakhale imodzi. Ndinatchera belu la 7 koloko m'mawa ndi la 6 koloko madzulo, ndinawabwezera foni, n'kunyamuka ndikudzitama mumtima. Lolemba ndi Lachiwiri ndinachita chimodzimodzi ndi mafoni a odwala khumi ndi anayi kuchipatala. Kwa amayi sindinaimbe. Ndinali wotanganidwa, monga mmene inunso mumanenera.

Lachitatu cha m'ma 10 koloko anandiimbira mayi a nyumba yoyandikana nawo aja. Anaona kuti makatani sanatsegulidwe, analowera khomo lakumbuyo, n'kuwapeza amayi pansi m'khitchini, atasanza, milomo itauma, akuyankhula zosamveka. Anathamangira nawo kuchipatala chomwecho chimene ine ndinali, chipinda chachitatu kuchokera pomwe ndinakhala ndi laputopu. Asisita aakulu ndi amene anawaika diripi. Sanandiyang'ane n'komwe, anangoti, "Shuga wa mayi anu makina akulephera kumuwerenga. Masiku angati sanabaye?"

Lachinayi m'mawa nzeru zitawabwerera amayi, ndinakhala m'mphepete mwa bedi n'kuwafunsa.

"Amayi, belu silinkalira?"

"Limalira."

"Nanga bwanji simunabaye?"

"Ndimayesa ndi mauthenga otsatsa malonda aja. Ine ndimadikira alongo ako."

Ndinaganiza kuti mutu sunakhazikikebe. Ndinawakumbutsa pang'onopang'ono kuti inu muli kutali, munapita chaka chatha.

"Ndikudziwa kumene ali, sindinapenge," anatero. "Koma m'fonimo amayankhula. Amati, 'Amayi, nthawi yakwana, bayani kenako mudye.' M'mawa ndi madzulo. Ine ndimawayankha kuti ndamva, bambo. Chichokereni iwe Lamlungu, sanayankhulenso. Ndimati mwina atanganidwa, ayankhula mochedwerako."

Achimwene, inu ndi ine takhala tikunamizana kuti amayi sakuiwalaiwala, kuti ndi ukalamba wamba. Tsopano ndikuuzeni: masiku samawasiyanitsanso bwino, ndipo chimene chinkawagwira dzanja chaka chonsechi ndi mawu anu a masekondi asanu, amene ine sindinkadziwa kuti aliko. Ndinawafufuta ndi chala changa, iwo akuthirira maluwa.

Ndinatuluka n'kukakhala pabenchi ya pakhonde la chipatala kuti ndikulembereni imelo yoti mukaiwerenga musadzandiiwale. Nditalemba dzina lanu posakira, panatuluka imelo imodzi yosatsegula, ya tsiku limene munanyamuka, ya mutu wakuti "Za apu". Ndinaikumbukira. Inafika ndili m'basi pochokera kokuperekezani, ndipo ndinaikankhira kumbali chifukwa sindinkafuna kumva chilichonse chochokera kwa munthu amene anandiuza za ulendo wake kutatsala masiku anayi. Munali kiyi m'menemo. Munali pasiwedi. Munalinso mzere wakuti, "M'foni ya amayi ndaikamo kafayilo ka mawu anga m'malo mwa belu, kali m'kati mwa apu, ukamasintha zinthu uyambe wakakopera."

Ndiye ndavomera. Kiyi munasiya, chenjezo munapereka, wolakwa ndine. Mukafuna kundinena, ndineneni, ndipo sindidzayankha. Koma musaganize kuti mkwiyo wanga watha, chifukwa pabenchi paja unachita kuwirikiza. Chinthu chokhudza moyo wa mayi wathu mungachisiye mu imelo imodzi, pa mzere wachisanu ndi chiwiri, pansi pa pasiwedi? Miyezi khumi ndi inayi simunafunseko n'kamodzi komwe kuti, kodi unaiona? Masiku anayi aja munali ndi nthawi yotsanzikana ndi anzanu onse a kuntchito, koma munalibe mphindi khumi zokhala nane pansi n'kundionetsa. Ndipo Lachisanu lija mukanangoyankha foni kamodzi, n'kunena mawu atatu okha akuti "yang'ana mu imelo", bwenzi amayi asanagone pansi pa simenti usiku wonse. Munawasiyira mawu ojambula kuti azikuyankhulirani, inu n'kupumula. Iwo amayankha foni kuti "ndamva, bambo" kawiri pa tsiku, pomwe mwini mawu amaimba kamodzi pa miyezi iwiri.

Za ntchito, kuti mudziwe: ndinamanganso apu ndi kiyi weniweni Lachinayi lomwelo. Ikulowa bwinobwino pamwamba pa yakale, m'mafoni atsopano ndi akale omwe, popanda kufufuta kanthu. Odwala khumi ndi anayi aja ndiyenera kuwaitananso mmodzimmodzi kuti ndichotse yanga ija, ndipo awiri andikalipira kale chifukwa cha ulendo. Asisita aakulu ataona belu likulira pafoni yawo anati, "Mwaitha, achemwali," kenako anawonjezera kuti ndikakuthokozereni. Ndinangoti ndikanena. Ndalemba buku la malangizo la masamba asanu ndi limodzi, lofotokoza chida chilichonse, mtundu wake, ndi pomwe pali kiyi, ndipo kope imodzi ili mu kabati ya asisita, kuti nane ndikadzasowa wina asadzavutike chonchi.

Amayi anatuluka dzulo. Ndasamukira kwawo, ndikugona pa sofa pabalaza, ndipo jakisoni ndikuwabaya ndekha. Koma tchuthi chimene ndapempha kuntchito chikutha Lachisanu likubwerali. Ndinayesa kujambula mawu anga n'kuwaika m'malo mwa belu. Atawamva anandiyang'ana n'kunena kuti, "Iwe uli pompano, ukundiuziranji pafoni?" Kafayilo kanu ndakasaka paliponse, m'laputopu mulibe, m'mafulashi mulibe.

Choncho ndikupempha zinthu ziwiri, ndipo sindikupempha mogwada. Choyamba, jambulaninso mawu aja, omwe aja, musasinthe ngakhale liwu limodzi, ndipo musawanene mothamanga ngati muli pakhomo la msonkhano. Munditumizire Lachisanu lisanafike, kuika ndiika ndekha. Chachiwiri, Lamlungu lililonse muziwaimbira pa 6 koloko madzulo, nthawi yakuno, n'kuwauza ndi pakamwa panu kuti abaye, n'kudikira pafoni mpaka atabaya. Ndikudziwa kuti kumeneko imakhala nthawi yovuta. Kunonso nthawi zonse n'zovuta.

Mundiperekere moni kwa alamu, muwauze kuti sindinawakwiyire, iwo anangonena zimene anauzidwa. Mwanayo mumupsompsone, agogo ake akufunsa ngati wayamba kuyenda, ndipo akuti chithunzi chimene ali nacho n'cha ali wakhanda. Mayi oyandikana nawo aja akupereka moni. Dzina lawo muzilikumbukira m'mapemphero, chifukwa ndi amene anaona makatani. Amayi ali apa pambali panga, akupinda zovala zimene ndapinda kale. Ndawauza kuti ndikulembera inu. Akuti ndisakuuzeni zoti anagonekedwa, mungade nkhawa n'kulephera kugwira ntchito. Akuti ndilembe kuti ali bwino, akudya, ndipo akukunyadirani. Ndiye ndalemba.

Moni wanga ine ndidzapereka ndikadzamva mawu anu.

Ndine mlongo wanu,
Mzime wa amayi